Nsanja ya Amalume ku Bvumbwe

Alendo onse amene ankabwera kudzaona wailesi ija ankafikira m'chipinda, poti zokopa maso zinali komweko: bokosi lachitsulo la timawotchi towala, mavavu otentha m'kati mwake, kachitsulo kogogodera Morse, ndi khoma lodzaza makadi ochokera kumaiko amene ambirife tinkangowamva m'kalasi. Munthu wa ku Japan akayankha, alendowo ankagwira pakamwa. Amalume anga okha ndiwo sankakhalitsa m'chipindamo. Ankati bokosi aliyense wandalama angagule, koma mawu amatulukira panja. Ndipo panjapo panali ntchito ya manja awo: nsanja yachitsulo ya miyendo itatu, yotalika mamita 12, itasenza eriyo ya nsungwi ndi waya.

Ndinafika ku Bvumbwe mu 1968 nditamaliza sitandade 8. Amayi ananditumiza kwa alongo awo kuti ndikaphunzire ntchito ya manja. Amalumewo anapita kunkhondo ndi asilikali a KAR mpaka ku Burma, kumene ntchito yawo inali kuyala mawaya a telefoni m'nkhalango. Atabwerako anakwera mapolo a Positi zaka zambiri, kenaka atapuma analembedwa ndi mzungu wina wachikulire amene ankagwira ntchito za ulimi m'mbali mwa msewu wa Limbe kupita ku Thyolo. Ife tinkangoti abwana. Iwowa ndiwo anali ndi laisensi ya wailesi.

Achinyamata akamva wailesi amaganiza za MBC, youlutsa nyimbo ndi nkhani. Iyi inali ina. Munthu amalemba mayeso, masiku amenewo ankayesedwanso Morse, ndipo boma limam'patsa chizindikiro chake cha zilembo ndi manambala kuti azilankhula ndi anzake a dziko lonse, mongokonda, popanda malipiro. Zandale ndi zamalonda zinali zoletsedwa, ndipo aliyense amene walankhula naye ankalembedwa m'buku, nthawi yake ya GMT, yomwe imatsalira ndi maola awiri pa yathu. Kale lonse zizindikiro za Nyasaland zinkayamba ndi ZD6, koma titalandira ufulu mu 1964 zinakhala 7Q7. Anzathu a ku Zambia anali 9J2, a ku Mozambique CR7, a ku Rhodesia ZE, a ku South Africa ZS. A 7Q7 anali owerengeka, choncho abwana akangoitana CQ, kupempha aliyense amene akumva kuti ayankhe, anthu a ku Ulaya ankaunjikana onse nthawi imodzi kufuna kuti alembe Malawi m'mabuku awo.

Nditangofika, eriyo inali waya chabe womangidwa pakati pa milongoti iwiri ya bulugama, ndipo pamenepo ndi pamene amalume anandiyambira sukulu. Anandiuza kuti waya wa eriyo sadula mwa chiyerekezo ayi. Bandi iliyonse ili ndi muyeso wake. Utenge 143, ugawe ndi mamegahetsi, zotsatira zake ndi mamita a waya. Pa bandi ya mamita 20, imene ili pa mamegahetsi 14, waya amakhala mamita 10 ndi pang'ono. Umudule pakati, ulowetsepo insuleta, ulumikize chingwe cha coax chopita kunyumba. Masamuwo anachita kuwaloweza kwa abwana, koma nzeru yowonjezera inali yawo.

"Dula wotalikirapo, mphwanga," ankatero. "Wotsala upinda. Wochepa ukam'tenga kuti?"

Tikakweza wayayo, abwana ankayatsa wailesi pang'ono n'kuyang'ana singano ya kabokosi ka SWR, kamene kamaonetsa mphamvu yobwerera m'mbuyo m'malo motuluka. Akafuula pawindo kuti ikadali pamwamba, tinkatsitsa, kupinda masentimita ochepa mbali zonse ziwiri mofanana, n'kukwezanso. Tsiku linkatha choncho, kukweza ndi kutsitsa. Ndinkatopa nazo, koma amalume ankaimba mluzu, osaonetsa n'komwe kufulumira.

Milongoti ya bulugama inali ndi mdani wake, chiswe. Tinkawaula tsinde pamoto, kulipaka oyilo wakuda wa galimoto, koma pakapita mvula zingapo ukaligogoda ndi sipanala linkalira mopepuka. Komanso waya womangidwa malo amodzi sutembenuka. Zaka zimenezo zinali zokoma pa wailesi, chifukwa mawanga a padzuwa, amene amachuluka ndi kuchepa pa zaka pafupifupi 11 zilizonse, anali pachimake cha m'ma 1968 ndi 1969. Akachuluka, mpweya wa kumwamba kwenikweni umabweza mafunde a wailesi pansi bwino lomwe, ndipo mabandi a mamita 15 ndi 10 amatseguka mpaka kutsidya kwa nyanja zazikulu. Abwana sanafune kuti nyengo yotere iwadutse ali ndi waya umodzi. Anatulutsa mapepala, amalume anatulutsa tepi yoyezera, nkhani ya nsanja n'kuyambika.

Malo anasankha ndi amalume. Bvumbwe ndi pamtunda, mamita opitirira 1,000, ndipo kuseri kwa nyumba kunali kotsetserekera kumpoto, kumene kuli Ulaya. Ankati mnzawo wa abwana wa ku Zomba ankavutika ngakhale anali ndi wailesi yodula, chifukwa phiri linam'tsekera mbali yomweyo. Atapeza malo, anayeza mtunda kuchoka pamenepo kukafika pa mawaya a ESCOM, pa nyumba, ndi pa njira imene azimayi ankadzera popita kumadzi. Lamulo lawo linali lakuti nsanja itati igwe mbali ina iliyonse, igwere pa udzu.

Dzenje tinakumba mita imodzi uku, mita imodzi uku, kuya kwake kupitirira pang'ono, mpaka titapeza katondo wolimba. Konkire inali wilibala imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga wa kumtsinje, zinayi za miyala ya kwale. Mchenga wa dothi ankaukana. Ankaufumbata m'manja, ukathimbiritsa chikhatho n'kuubweza. Titathira, tinafunditsa masaka onyowa ndi udzu, ndipo ntchito yanga inali kuthirira m'mawa ndi madzulo. Abwana mtima unali m'mwamba, ankafuna kuyamba sabata yomweyo. Amalume anavula chipewa mwaulemu nati, "Bwana, simenti imakhwima masiku 28. Ine sindikwera pa mwana wakhanda." Abwana anaseka, nadikira.

Chimene chinandigometsa kwambiri ndi momwe anapezera malo a anangula atatu omangirirapo masitei, mawaya aja okoka nsanja kuti isagwe. Amafunika atalikirane mofanana ndendende kuzungulira nsanja. Amalume analibe chida choyezera ngodya. Anakhoma chikhomo pakati, namangapo chingwe cha mamita pafupifupi 10, n'kujambula bwalo lalikulu pansi ndi ndodo. Kenaka anatenga chingwe chomwecho, osachisintha, n'kumayeza nacho m'mphepete mwa bwalolo kuchoka pa chikhomo china kufika pa china. Chinakwana kasanu ndi kamodzi, n'kubwerera pomwe anayambira. Anazula chikhomo chimodzi n'kusiya chimodzi, mpaka zinatsala zitatu. Patapita zaka, ndili pa sukulu ya ntchito zamanja, mphunzitsi anajambula zomwezo pa bolodi ndi kampasi, ndipo ndinakhala ndikumwetulira ndekha kumbuyo kwa kalasi. Mtunda wa mamita 10 uja sunali wongolota: nangula akayandikira kwambiri nsanja, waya amakokera pansi m'malo mokokera kumbali, ndipo mphepo ikabwera amalephera ntchito yake.

Nsanjayo inawotcheredwa ku Limbe, zigawo zinayi za mamita atatuatatu, miyendo ya mapaipi, timitanda tachitsulo topingasa. Inabwera pa lole, ndipo ana a m'mudzi anaithamangira kuchokera kumsewu. Tisanaimike tinaipala dzimbiri lonse ndi burashi ya waya, kupaka penti yofiira yoteteza dzimbiri, kenaka yotuwa. Amalume anaboola kabowo kakang'ono pansi pa mwendo uliwonse. Paipi, ankatero, imadyeka kuchokera m'kati. Madzi akalowa n'kusowa potulukira, kunja imaoneka yabwinobwino pamene m'kati yatha.

Tsiku loimika tinadzuka nkhuku zisanatsike, chifukwa m'mawa mphepo imakhala isanayambe. Panabwera amuna a m'mudzi okwanira kugwira zingwe zitatu za khonje ndi chingwe chokwezera. Chigawo choyamba tinachiimika ndi manja n'kuchimanga pa mabawuti a m'konkire. Amalume anapachika chingwe chokhala ndi nati kunsonga, n'kuchiyang'ana ataima kum'mawa, kenaka ataima kumpoto, poti chinthu chikhoza kuoneka chowongoka mbali imodzi chili chopendekeka mbali ina. Atakhutira anakwera, lamba wachikopa wa ku Positi ali m'chiuno, namangirira kumwendo umodzi paipi yaitali yokhala ndi kagudumu kunsonga, yopitirira pamwamba pa chigawocho. Paipi imeneyi ndiyo inkanyamula chigawo chotsatira. Ife pansi tinkakoka, chigawo chinkakwera chikulendewera, iwo n'kuchilandira, kulowetsa miyendo yake m'miyendo inzake, kumanga mabawuti, n'kukweza paipi ija kuti idikire chinzake.

Kwathu anthu akamakoka cholemera amaimba, ndipo mmodzi anayambitsadi nyimbo. Amalume anaiduliza ali m'mwamba. Anati lero pakamwa ndi pamodzi, pawo, chifukwa iwo okha ndiwo akuona zimene zikuchitika kumwambako. Akati kokani, tikoke. Akati imani, tiime pomwepo, ngakhale dzanja lili m'malere. Panali zii, kumangomveka kagudumu kulira ndi mawu awo. Wokoka sankaloledwa kukulunga chingwe padzanja, kapena kuima pansi pa katundu. Zida zonse zinkakwera m'thumba la kanivasi lomangidwa pa chingwe, ndipo sipanala yawo inali ndi kachingwe kake komangirira ku lamba, popeza sipanala yogwa kuchokera mamita 12 imaswa mutu.

Masitei anali m'magulu awiri, lina pakati pa nsanja, lina pafupi ndi nsonga. Asanakwere chigawo chatsopano, ankayamba amangirira zingwe zongogwirizira, ndipo sankalola kuti chigawo chopanda chochigwira chitalike pamwamba pawo. Kunsonga kwa waya aliyense kunali tizitsulo titatu tomangira, ndipo anandionetsa kuti mbali yokhota ija imapana kamchira kakafupi, pamene mbali yophwatalala imagona pa waya wonyamula katundu. Ukatembenuza, umaphwanya waya amene ukumudalira. M'katikati mwa masitei anaikamo mainsuleta adongo loyera kuti wayayo asakhale wautali wofanana ndi eriyo n'kumaba mphamvu yake. Pokunga ankazungulira anangula onse atatu, apa pang'ono, apo pang'ono, diso lili pa chingwe cha nati chija. Dzuwa likupendeka nsanja inali itaima njo. Amayi a pakhomopo anali ataphika nsima ndi nkhuku, thobwa ali mumtsuko. Mowa unatuluka amalume atavula lamba, osati kale.

Eriyo imene inakhala pamwambapo ndiyo ndimaikumbukira ndi chikondi chenicheni. Anthu ambiri a wailesi ankasirira Yagi, ija ya mapaipi a aluminiyamu ondandalikidwa, imene Hidetsugu Yagi ndi Shintaro Uda anatulukira ku Japan mu 1926. Koma mapaipi oterowo ankachokera kunja ndipo ankadula. Abwana anasankha quad: mabwalo awiri a waya a ngodya zinayi, lina kutsogolo lina kumbuyo, lililonse litatambasulidwa pa ndodo zinayi zopingasana. Ankakonda kufotokoza mbiri yake. Inayambira ku Quito, ku Ecuador, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, pa wailesi ya mishoni ya HCJB. Mzindawo uli pamwamba zedi, mamita oposa 2,800, mpweya ndi wopepuka, ndipo nsonga za eriyo yawo zinkayaka moto wamagetsi mpaka kusungunuka. Injiniya wina, Clarence Moore, anaganiza zopinda wayayo kuti akhale bwalo lopanda nsonga, vutolo n'kutha. Kwa ife ubwino wake unali wina: ndodo zake zikhoza kukhala nsungwi.

Apa amalume anali pakwawo. Tinapita kudambo m'chilimwe, nthawi imene nsungwi zimakhala ndi madzi ochepa, kukasankha zokhwima, zowongoka, za mfundo zoyandikana. Zinkafunika zisanu ndi zitatu za mamita anayi, koma tinadula zambiri kuti zina zikhale zodikirira. Tinaziviika m'madzi kuti afumbwe asazikonde, kuziumika pamthunzi zitagona pansi posalala kuti zisapindike, kenaka kuzipaka vanishi kangapo. Pakati pa mfundo ankakulungapo ulusi wolimba kuti ikayamba kung'aluka isapitirire. Ankaziyeza kulemera padzanja n'kuziika ziwiriziwiri zofanana moyang'anizana, kuti eriyo isalemere mbali imodzi. Bwalo la bandi ya mamita 20 linkadya waya wopitirira mamita 21, mbali iliyonse mamita asanu ndi theka osakwana bwino, ndipo lakumbuyo linkatalikirapo pang'ono kuti lizikankhira mafunde kutsogolo. M'kati mwa mabwalo aakuluwo tinamangamo ang'onoang'ono a mamita 15 ndi 10, pa nsungwi zomwezo. Ili pansi inkaoneka yaikulu kuposa nyumba ya amalume. Kuikweza pakati pa masitei osathyola nsungwi inali ntchito ya m'mawa wathunthu, anthu awiri atagwira tizingwe toiwongolera uku ndi uku.

Injini yotembenuzira eriyo tinalibe. Paipi yaitali inkatsika m'kati mwa nsanja kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo pansipo amalume anamangirirapo chiwongolero cha lole yakufa. Kuti tidziwe kumpoto kwenikweni sanakhulupirire kampasi, chifukwa pafupi ndi chitsulo chochuluka chotero singano yake imanama. Anadikira mwezi wa June, dzuwa likamadzera kumpoto, n'kumalemba pansi nsonga ya chithunzithunzi cha nsanja kuyambira chakum'mawa mpaka chakumadzulo. Pamene chinafupika kwambiri anakhomapo chikhomo: kumeneko ndiye kummwera. Kuchoka apo abwana anatenga mapu awo, ndipo tinalemba ndi penti pa konkire kuzungulira chiwongolerocho. Ulaya anali kumpoto chopendekera pang'ono kumadzulo, Japan kumpoto chakum'mawa, America kumpoto chakumadzulo, Brazil kumadzulo, Australia kum'mawa chopendekera kummwera. Panali chitsulo choimitsa kuti usazungulire kopitirira kamodzi n'kupotokola coax.

Chiwongolero chimenecho chinakhala changa. Madzulo abwana akafuula pawindo kuti "Ulaya!", ndinkamasula loko n'kutembenuza, nsungwi zikuyenda pang'onopang'ono pamwamba panga. Windo likakhala lotsegula ndinkamva ndekha mawu a munthu amene anali kunong'ona m'kati mwa phokoso akukwera, kukwera, mpaka kumveka bwino lomwe. Mphamvu ya wailesiyo inali mawati pafupifupi 100, ngati babu limodzi lounikira pabalaza, koma inkafika ku England, mtunda wa makilomita oposa 8,000. Amalume ankakhala pa mpando wawo wa ndalema pakhonde la khitchini, akumva zonsezo. Mzungu wakutali akati mawu akumveka 5 ndi 9, kutanthauza kuti akumveka bwino kotheratu, iwo ankangogwedeza mutu. Chingerezi chawo chinali cha kunkhondo, koma manambala awiriwo ankawadziwa, ndipo ankadziwa kuti akunena nsungwi zawo. Makadi a QSL otsimikiza kuti anthu analankhulanadi ankafika pa positi patapita miyezi, ndipo abwana akawerenga khadi lotamanda mphamvu ya mawu awo ankatuluka nalo panja kukawaonetsa amalume.

Ndikaganiza bwino, kuimika nsanja kunatenga nthawi yochepa poyerekeza ndi kuisamala. Kawiri pachaka, mvula ikangotha cha m'ma April ndi isanayambe mu October, tinkaiyendera yonse kuyambira pansi. Amalume ankayambira pa anangula. Ankafukula dothi pang'ono pamene chitsulo chimalowa pansi, chifukwa dzimbiri limakonda pamenepo, pamene chinyezi ndi mpweya zimakumana, malo amene diso silifika. Ankagwira sitei iliyonse, kuikoka n'kuisiya, akumvetsera ndi dzanja momwe ikunjenjemerera. Yolefuka imalola nsanja kugwedezeka, ndipo kugwedezekako kumamasula mabawuti. Yokungika mopitirira imapanikiza miyendo pansi. Zitsulo zokungira ankazipaka girizi n'kupisamo kawaya kuti zisadzimasule. Tinkalambula udzu kuzungulira anangula moto wa m'tchire usanayambe, ndi kutchingira ndi minga kuti ng'ombe zisamadzikande pa waya.

Akatero ankakwera, akugogoda bawuti iliyonse ndi kuyang'ana mowotcherera monse ngati muli kamzere ka dzimbiri, kamene kamaulula mng'alu. Asanaike dzanja pamalo obisika ankayamba asuzumira, chifukwa mavu ankakonda kumanga zisa pansi pa mbale ya pamwamba, ndipo munthu wolumidwa ali m'mwamba amaiwala kuti manja ake ali ndi ntchito. Mabowo a pansi pa miyendo aja tizilombo tinkawamata ndi dothi, ine n'kumawatokosa ndi waya. Coax nayo inali ndi matenda ake. Madzi akalowa polumikizira amayenda m'kati mwa ulusi wamkuwa uja, ndipo ukasenda umapeza wada bii kapena wabiriwira, mphamvu ikuthera m'njira. Choncho pamwamba ankapinda chingwecho kuti kukamwa kwake kuyang'ane pansi, n'kukulunga tepi ndi phula, ndipo polowa m'nyumba ankachigwetsa kaye pansi pang'ono kuti madontho azigwera panja.

Nyengo ya chiperoni, June ndi July, nkhungu ndi mvula yowaza zikakuta Thyolo yense, nsungwi zinkanyowa ndipo singano ya SWR inkasuntha. Abwana ankada nkhawa, koma amalume ankati dzuwa likawala ibwerera, ndipo inkabwereradi. Masiku otero sankakwera ngakhale pang'ono, poti chitsulo chonyowa n'choterera ndipo zala zozizidwa sizigwira. Sankakweranso ali okha pakhomo, kapena atagona mochedwa kumaliro, kapena wailesi ili yoyaka. Asanaponde chitsulo choyamba, fyuzi ya wailesiyo inkakhala m'thumba mwawo.

Mvula yoyamba inkabwera ndi mphepo ya mkuntho ndi mphenzi. Wailesi ndiyo inkayamba kudziwa: kuthetheka kunkachuluka mu sipika mitambo isanaoneke n'komwe ku Mulanje. Pamenepo tinkazula coax, kuitulutsa pawindo n'kuimanga ku ndodo yamkuwa yokhomedwa pansi, ndi kutembenuza eriyo kuti mphepo isaipeze chamaso. Mwendo uliwonse wa nsanja unali ndi lamba wamkuwa wopita ku ndodo yake, wowongoka, wopanda ngodya zakuthwa. Ena a ku Positi ankathira makala ndi mchere m'dzenje la ndodozo kuti nthaka igwire bwino magetsi. Amalume makala ankathira, koma mchere ankaukana, ati umadya chitsulo chomwe ukufuna kuti chikutumikire.

M'mudzi munabuka mawu akuti chitsulo cha mzungu chikuitana mphenzi. Amalume sanapeputse nkhaniyo. Anavala jekete lawo la mamendulo n'kupita kwa amfumu, ine ndili pambuyo. Atakhala pansi n'kuomba m'manja, sananame kuti palibe choopsa. Anati chinthu chachitali chilichonse mphenzi ikhoza kuchimenya, mtengo kaya tchalitchi, ndipo n'chifukwa chake anaikonzera njira yamkuwa yolowera pansi. Chimene akupempha n'chakuti kukachita mdima wa mvula, ana ndi ziweto asayandikire nsanja kapena mawaya ake. Anaitana amfumuwo kuti adzaone okha. Anabweradi ndi nduna zawo, anagwira lamba wamkuwa uja, anatembenuzako chiwongolero, ndipo madzulo ake anamva moni wochokera ku Germany. Kuyambira pamenepo amfumu ndiwo ankakalipira ana okwera pa masitei.

Chaka china mphepo ya mu November inathyola nsungwi zitatu usiku umodzi, ndipo m'mawa tinapeza waya ali lende, atakolana ndi masitei. Abwana anaima ndi kapu ya tiyi m'manja, nkhope itagwa. Amalume anazungulira nsanja, anagwedeza sitei iliyonse, anayang'ana chingwe cha nati, napeza kuti chitsulo sichinasunthe ngakhale pang'ono. Anati nsungwi zachita bwino kuthyoka, chifukwa zikanalimbalimba mphepo ikanalimbana ndi nsanja. Kenaka anandituma kudenga la khitchini, kumene zodikirira zija zinali zitagona mu utsi, zouma gwa, ndipo Lamlungu lisanafike abwana anali akulankhulanso ndi Ulaya.

Ine anandilola kukwera patapita nthawi yaitali ndithu, ndipo tsiku loyamba anandiimitsa pa chigawo choyamba chokha. Anandimangitsa lamba, nati nditaye manja onse awiri ndi kutsamira kumbuyo. Miyendo inkanjenjemera.

"Malume, ndigwa."

"Sugwa. Lambayo ndasoka ndekha. Ukapanda kum'khulupirira pano, kumwamba ukagwira ndi manja onse awiri, nanga sipanala idzagwira ndani?"

Ndinataya manja, lamba anandigwira. Anandisiya pomwepo mpaka mpweya unabwerera m'malo, ndipo anandiuza kuti poyenda pa nsanja, mwa manja awiri ndi mapazi awiri, chimodzi chokha ndicho chizisuntha. Nditadzafika pamwamba penipeni miyezi ingapo pambuyo pake, ndinaona minda ya tiyi ya ku Thyolo, phiri la Mulanje lonse, ndi Chiradzulu chakumpoto. Amalume anandipatsa kanthawi kuti ndione, kenaka anandikumbutsa kuti anandituma girizi.

Lero nsanja zili pa phiri lililonse, za mafoni, zazitali kuposa yathu kutalitali. Ndikaona anyamata akuzikwera atavala malamba ogwira mapewa ndi ntchafu, ndi zingwe ziwiri zokolekera mosinthana, mtima wanga umakondwa, chifukwa lamba wa m'chiuno uja, ngakhale tinkamukonda, munthu akatembenuzika mutu pansi akanatha kupulumukamo. Malaisensi tsopano amapereka ndi a MACRA, bungwe limene linabwera ndi lamulo la 1998, ndipo kuyambira 2003 malamulo a dziko lonse sakakamizanso mayeso a Morse. Alendo okonda wailesi amabwerabe kunyanja ndi milongoti yopepuka yolowa m'chikwama, n'kukhala masabata ochepa akuitana ndi chizindikiro cha 7Q, ndipo dziko limawaunjikirabe monga kale. Chimene ndimalakalaka n'chakuti ana athu a m'masukulu a zaumisiri achuluke pa mabandi amenewa ndi zizindikiro zawozawo, poti waya, nsungwi ndi masamu a 143 aja zilipo ponseponse.

Abwana atakalamba n'kuganiza zobwerera kwawo, wailesi anaigulitsa kwa mnzawo, koma nsanja anawapatsa amalume. Kuitsitsa kunawadetsa nkhawa kuposa kuiimika, chifukwa mabawuti anali atagwirana ndi dzimbiri, ndipo munthu akamamasula amafulumira poganiza kuti ntchito yatha. Anakhala sabata akuthira oyilo pa bawuti iliyonse. Anaitana amuna omwe aja, ena tsopano ali ndi imvi, ndipo tinabwereza zonse chobwerera m'mbuyo: eriyo poyamba, kenaka paipi ya chiwongolero, kenaka chigawo chimodzichimodzi, zingwe zogwirizira zitamangidwa sitei iliyonse isanamasulidwe. Nthawi imeneyi pamwamba panali ine, ndipo pakamwa pamodzi paja panali panga. Amalume anagwira chingwe pansi pamodzi ndi anzawo, ndipo ndikati imani ankaima.

Zigawo ziwiri anazipereka ku sukulu ya pulaimale ya kwathu, kumene anaziwonjezera miyendo n'kukhazikapo thanki ya madzi. Zinazo anapangira denga la khola la nkhumba. Mwezi wa October uliwonse ankapitabe kusukuluko ndi sipanala ndi chitini cha girizi, popanda wowatuma, kukagogoda mabawuti ndi kutokosa mabowo a pansi pa miyendo, ndipo mawondo atayamba kuwavuta ankatenga mdzukulu wawo wamkazi kuti azikwera iye, iwo akumuuza ali pansi.